Mmene Lorenso Anaikizira Mkazi Wake m'Foni

Kwa Tengani mukafunsa za Lorenso Binzi lero, anthu amayamba ayang'anizana kaye, kenako wina n'kukulozerani msewu wa ku Bangula ndi mlomo. Komatu si kale pamene dzina lomweli linkagonetsa anthu tulo. Mphunzitsi akamusamutsira kutali, wapolisi akapita kumpoto, kalaliki wa ku minda ya nzimbe akagula ng'ombe zake ziwiri koma alibe pozisunga, onse ankalangizidwa chimodzimodzi: kaikizeni kwa a Binzi.

Lorenso sukulu anailekeza sitandade 3, osati chifukwa cha mutu wouma, koma ng'ombe za bambo ake aang'ono zinalibe wozitsata. Anakulira kudambo, ndipo pofika zaka za referendamu anali atadziwika kale kuti ng'ombe yodwala amaizindikira ikali kutali, pongoona mmene ikugwetsera khutu. Zake analibe. Umphawi wake unali wopweteka uja, wodzuka m'mawa uliwonse n'kukatsekulira chuma cha anzako.

Kuikiza ng'ombe kuli ndi malamulo ake, ngakhale sanalembedwe paliponse. Mwini amabweretsa ziweto zake n'kuzilowetsa m'khola lako. Kuyambira tsiku limenelo mkaka ndi wako, ndowe ndi zako, ukafuna kuzimanga pangolo kukatuta thonje palibe wokufunsa. Koma ng'ombe ndi ya mwini. Tsiku lililonse, kaya ndi mawa kaya patapita zaka khumi, iye akhoza kuima pachipata n'kunena kuti ndabwerera zanga, iwe n'kusolola mitengo yapachipata osafunsa chifukwa. Lorenso malamulo amenewa sankawaona ngati malamulo. Ankawaona ngati mmene dziko linalengedwera, ndipo sanaganizepo kuti kungakhale kwina kumene anthu amasunga za anzawo mwa njira ina.

Madzi osefukira a 2015 ndi amene anamumangira dzina. Anafika m'mawa anthu akusamba kumaso. M'khola munali ng'ombe za eni makumi atatu. Zake ziwiri, zimene anazipeza atawetera anthu zaka makumi awiri, anali atazimangirira kudimba, tsidya la khwawa. Nthawi inalipo yopulumutsa mbali imodzi yokha. Lorenso anakusa za eni kupita nazo kumtunda madzi akumufika m'chiuno, ndipo zake ziwiri zija zinapita ndi Shire zingwe zili m'khosi. Mkazi wake Flossy anamunyanyala sabata yathunthu, osamuyankha ngakhale moni. Itatha sabatayo anayamba kuinyadira nkhaniyo pamjigo, ndipo anainyadira mpaka amayi anzake anatopa nayo.

Flossy anali Mmang'anja wa pamudzi pomwepo. Lorenso anabwera ngati mkamwini, choncho khola lonse lija linaima pamalo a akuchikazi, amene wamkulu wawo anali Simoni, mlongo wake wa Flossy. Flossy anali mayi wamfupi, wapakamwa, woti akayamba kukalipa nkhuku zinkachoka pabwalo. Mano awiri akutsogolo anawasiya pamsewu wa ku msika wa thonje tsiku limene anagwa pangolo, ndipo pachibwano panatsala chipsera. Poseka ankatseka pakamwa ndi dzanja. Anabereka ana asanu koma anakula mmodzi, Annette, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Matenda anamugwira Flossy kumayambiriro kwa 2024. Achipatala anayesa zimene akanatha, pamapeto pake anawauza mwaulemu kuti ndi khansa, yafalikira, abwerere kunyumba. Annette analibe mapepala oti n'kubwera ndi kubwereranso ku ntchito, ndiye anatumiza foni ya tachi, yopanda mabatani, kuti aziwaona mayi ake. Lorenso, munthu wa zala zokhakhala ngati khungwa, anaphunzira kujambula kanema.

Flossy sankalola kujambulidwa ali pamphasa. Ankasamba kaye, n'kumanga duku lake la kutchalitchi, n'kuchita kunyamulidwa kukakhala pansi pa mtengo wa masau. Akakhazikika ankayang'ana foni ija n'kuyamba kunama. "Mwananga, usadandaule, ndikupeza bwino. Mankhwala akugwira. Dzulo ndinadya mbale yonse." Foni ikangotsika ankasanza ndi phala lomwe anamwa m'mawa. Lorenso bodza ankadana nalo moyo wake wonse, koma limeneli ankalijambula mosamala, n'kukwera pachulu kukasaka netiweki kuti lifike ku Joni.

Mwezi wa Juni foni inakana kujambula. Inati yadzaza. Lorenso anapalasa njinga mpaka ku Bangula, kwa Maclean, bambo wa magalasi amene kale anali kalaliki pogula thonje koma tsopano anali ndi kashopu kotchajira mafoni ndi kuikamo nyimbo. Maclean anati njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kufufuta makanema ena.

"Kufufuta mayi a Annette? Nkhabe, sizingatheke," anatero Lorenso. "Yachiwiriyo?"

Yachiwiri inali kapulogalamu kotsegulira intaneti, kamene Maclean ankakatcha bulauza. Kameneka kanali katsopano, ndipo kankasungira munthu zithunzi ndi makanema ake kwinakwake kutali, mwaulere, foni n'kupepukidwa. Maclean anakaika. Pagalasi panatuluka chikalata cha Chingerezi cha timalemba tating'ono, pansi pake pali malo odinda kuti wavomera. Anthu onse amangodinda, ngakhale ophunzira amene. Maclean anali atatambasula kale chala pamene Lorenso anamugwira mkono.

"Werengani kaye, a Maclean. Ine sindilandira ng'ombe ndisanaione mano."

Kunja kunali kutentha kwa ku Bangula kuja kosungunula phula, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anali akudikira ndi mafoni awo. Maclean anausa moyo n'kuyamba kumasulira, akudumpha mizere ina.

"Akuti zonse zimene mwaika muno ndi zanu. Zikhalabe zanu, iwo sakukulandani."

"Pyadidi, zili bwino. Pitirizani."

"Koma akuti mukuwapatsa chilolezo choti azizigwiritsa ntchito. Akhoza kuzisunga, kuzikopera, kuzisintha, kupangirapo zina, ndiponso kupatsako anzawo amene amagwira nawo ntchito."

Lorenso anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye thukuta lonseli n'la zimenezi? Limeneli ndi khola, shamwali. Ng'ombe ndi yanga, mkaka ndi wawo. Nanga munthu akusungireni chinthu osakamako?"

"Pali mawu ena apa, madala. Akuti ndi mpaka kalekale, ndipo chilolezocho simungachibweze."

"Nanenso ndimatero. Mwini akabweretsa ng'ombe ndimamuuza kuti zikhale pano mpaka kalekale, pano m'panu. Umenewo ndi ulemu chabe. Munamuonapo wosunga akukaniza mwini chake?"

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Maclean anangotsina pang'ono n'kusiya, chifukwa mayi wina wa nsomba anali atayamba kumenya pakauntala. Lorenso anapukuta chala chachikulu pamalaya n'kudinda yekha. Anafunsanso kuti anthu okoma mtimawa amakhala kuti, kuti tsiku lina adzawatumizire nkhuku. Shopu yonse inaseka, ndipo iye anaseka nawo.

Flossy anamwalira patapita masabata atatu. Anaikidwa bwino, anthu anachuluka, ndipo eni ng'ombe ena anachokera ku Blantyre kudzapepesa. Miyezi yotsatirayo Lorenso ankakhala pamthunzi kudambo, ng'ombe zikudya, n'kumatsegula makanema aja mmodzimmodzi. Anali makumi anayi ndi mmodzi. Ankakonda kwambiri wina amene Flossy anaiwala zonama n'kuyamba kumukalipira kuti watseka diso la foni ndi chala. Chisoni chinalipo, koma chinali chake, ndipo ankachitsegula ndi kuchitseka nthawi imene wafuna.

Mapira atayamba kufiira chaka chotsatira, mkazi wa Simoni anali pamzere kuchigayo akusakasaka nyimbo m'foni mwake. Mwadzidzidzi pagalasi panatulukira Flossy. Anali pansi pa mtengo wa masau womwe uja, duku lomwe lija, chipsera chili pachibwano. Koma masaya anali odzaza, mano onse ali m'malo mwake, ndipo m'manja anali ndi botolo lobiriwira.

"Abale anga, ine ndinali pafupi kufa," anatero Flossy ndi mawu ake enieni. "Achipatala anandibweza. Koma nditamwa mabotolo atatu a mankhwala awa, ndachira. Dzulo ndinadya mbale yonse." Pansi pake panali nambala ya foni yoimbira ukafuna kugula.

Mayiyo anakuwa n'kugwetsera foni mu ufa. Dzuwa lisanapendeke, kanemayo anali atadutsa m'manja mwa mudzi wonse, ndipo anthu anapeza kuti akutulukira yekha m'mafoni ena, pakati pa nyimbo ndi zigoli za mpira.

Kuchigwa kuno palibe amene safotokozeredwa za ndondocha pamene ali mwana, ndipo palibe amene amaiwala. Ndi munthu amene abale amamulira n'kumuika m'manda, pamene wokhwima wamubisa kwina kuti azimugwirira ntchito usana ndi usiku, osapuma, osadandaula. Kale ankati ndondocha zimalima minda ya anthu olemera kapena kukhala kuseri kwa chitseko cha golosale. Tsopano anthu anaona ndi maso awo womwalira atanenepa akutsatsa malonda. Ndipo taonani mmene anthu alili: zonse zimene ankamutamanda nazo Lorenso anazitembenuza tsiku limodzi. Ana a ng'ombe m'khola lake samafa bwanji? Zake ziwiri zija anazisiyadi, kapena anachita kuzipereka kumadzi? Amayi omwe aja anatopa ndi kunyada kwa Flossy pamjigo ndi amene anakumbukira zambiri.

Simoni anabwera yekha kukhola, osakhala pansi, n'kumutambasulira foni. Lorenso anayang'ana nkhope ija. Tinene zoona, choyamba chimene anamva chinali chimwemwe. Mkazi wake anali wathanzi ngati chaka chimene anamukwatira, ndipo anatsala pang'ono kumupatsa moni. Kenako Flossy uja anaseka osatseka pakamwa.

"Mano awo si ake," anatero.

"Alamu, ine sindinabwerere mano. M'manda muja tinaikamo ndani?"

"Flossy. Munamuona nokha."

"Nanga uyu akugulitsa mabotolo ndi ndani?"

Lorenso anafotokoza za foni yodzaza, za Maclean, za anthu osunga zithunzi. Simoni anamvetsera mpaka kumapeto. Anati mwambo wosudzula, umene umamasula wamasiye kuti akhale mfulu, uchitika akatha kukolola monga anapanganirana. Tsiku limenelo katundu yense wa womwalira amaikidwa pamphasa kuti abale amuone.

"Zonse za mlongo wanga zidzakhale pamphasa," anatero Simoni. "Zonse. Nkhope yake ndi mawu ake mukazichotse kumene mwaziikako. Mlongo wanga anavutika mokwanira ali moyo, agone."

Lorenso sanaone chovuta. Nayenso ankafuna zomwezo, kuposa Simoni amene. Anakwiya ndithu kuti osunga aja akama mopitirira mpaka kutulutsa magazi, koma mankhwala a wosunga woipa ankawadziwa. M'mawa mwake anavala jekete, napalasa kupita ku Bangula, naika foni pakauntala ya Maclean.

"Auzeni kuti ndabwerera zanga."

Maclean anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kanemayo anali atamuona kale. Anati sikuti kuli munthu woti n'kumuuza. Anati eni bulauza anapatsa anzawo, anzawowo ali ndi makina otha kutenga nkhope ya munthu ndi mawu ake n'kumuyankhulitsa zimene sanayankhule, ndipo a mankhwala anagula kwa amenewo.

"Khola lawo lili kuti? Ndikwera basi."

"Lili kunja, madala. Ngakhale dziko lake sindikulidziwa."

"Chipata chilipo?"

Maclean anati chimene chinalipo ndi kufufuta zonse n'kutseka akaunti, mwina kumeneko akaona kuti mwini wachotsa nawonso asiya. Koma anamuchenjeza kuti makanema aja anasamukira komweko, m'foni mulibe kanthu, ndipo akafufuta sadzawaonanso. Lorenso anatuluka panja n'kukhala pa benchi. Anatsegula kanema uja wa chala, namvetsera Flossy akumukalipira kawiri. Anaganiza kuti ngati mtengo woti mkazi wake apume ndi womwewo, iye ndi amene ayenera kulipira, pakuti ndiye anadinda. Analowanso n'kuuza Maclean kuti afufute. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya madzi.

Anafika kumudzi n'kuuza Simoni pamaso pa anthu kuti zatheka, Flossy wachotsedwa. Patapita masiku awiri, anthu akutuluka m'tchalitchi, foni ya mnyamata wina wa kwaya inayamba yokha: "Abale anga, ine ndinali pafupi kufa." Tsopano Lorenso sanalinso wokhwima chabe, anali wabodzanso. Madzulo ake Annette anaimba kuchokera ku Joni, kumene kanemayo anali atafikanso. Analira, nafunsa funso limodzi, kuti bambo, mayi mwawagulitsa zingati? Lorenso akuyamba kufotokoza foni inaduka, ndipo kuyambira pamenepo nambala ya mwana wake sinalowenso.

Eni ng'ombe anayamba kubwera. Ena anabwera okha, ena anatuma abale. Aliyense ankaima pachipata, maso kumbali, n'kunena mawu aja, Lorenso n'kusolola mitengo osafunsa chifukwa. Mphunzitsi wina amene anaikiza ng'ombe zitatu anatulutsa khumi ndi imodzi, zonenepa, ndipo sanathokoze. Anakana ndi madzi akumwa omwe. Pofika nthawi yokolola m'khola munali ndowe zouma ndi ntchentche basi.

Maclean, amene chikumbumtima chinkamudya, anapeza pobisika penapake m'bulauza muja malo olembera madandaulo. Analemba Chingerezi chake chonse cha ukalaliki. Yankho linabwera patapita masabata awiri, ndipo Lorenso anamuuza kuti alisindikize papepala. Pepala ankalikhulupirira. Anaganiza kuti akuchikazi akamva eni ake akuyankhula okha, adziwa kuti pali anthu enieni kwinakwake amene anachita zimenezi, osati mankhwala a kukhwima. Maclean anawerenga pepalalo kawiri n'kulipinda.

"Madala, kalata iyi isakawerengedwe pagulu."

"Ikunena bodza?"

"Iyayi. Ikunena zoona zokhazokha."

"Ndiye choopa n'chiyani?"

Anailanda n'kuiika m'thumba la jekete. Munthu amene sanaberepo munthu amaganiza kuti choonadi ndi mbale wake, ndipo uchitsiru umenewu ndi wovuta kuuchiza.

Tsiku losudzula abale a Flossy anasonkhana pabwalo dzuwa lili pamutu. Pamphasa panali zitenje zake, duku lija, nsapato zapulasitiki, kolona, khasu laling'ono ndi miphika iwiri. Lumo lometera linali m'mbale. Simoni anayang'ana katunduyo n'kufunsa ngati zatha. Lorenso anaimirira, natulutsa pepala, napempha Paulo, msuweni wa Flossy amene ankaphunzitsa ku pulayimale, kuti awerenge ndi kumasulira. Paulo anatsokomola n'kuyamba.

Kalatayo inayamba ndi kuthokoza Bambo Binzi chifukwa chokhala mmodzi wa banja lawo. Inati akufuna kuwatsimikizira kuti iwo, Bambo Binzi, ndi amene ali mwini wa zithunzi ndi mawu onse aja, ndipo palibe anawalanda umwiniwo. Inati chilolezo anachipereka okha, mwa kufuna kwawo, pa 9 Juni 2024. Inati zimene anzawo apanga kuchokera pamenepo sizingabwezedwe, monga mwa pangano. Inatha ndi kuwafunira tsiku labwino.

"Bwerezani pamene pali tsiku," anatero Simoni.

"Pa 9 Juni."

"Mlongo wanga anatisiya pa 30."

Simoni anatembenukira kwa Lorenso, ndipo anayankhula motsitsa, zimene zinaopsa kuposa kukuwa.

"Alamu, munadinda nokha?"

"Ande, eya, ndinadinda, koma ine ndinkaganiza kuti..."

"Anakukakamizani?"

"Iyayi."

"Mlongo wanga anadziwa?"

Lorenso akananama pamenepa mwina zikanapepukako. Akanati Flossy anavomera, palibe akanamutsutsa. Koma anakumbukira kuti tsiku lija atabwera ku Bangula anangomuuza kuti foni yakonzeka.

"Sanadziwe," anatero.

"Ndiye munamupereka ali moyo, akupuma m'nyumba umu, inu mukumumwetsa phala. Ndipo eni ake alemba okha kuti mwini wake ndinu."

Amayi anayamba kulira maliro atsopano, oposa oyamba aja. Wina anakankha mbale ya lumo ndi phazi. Lorenso anayesa kunena za khola ndi mkaka, koma mawuwo atatuluka pakamwa pake anamveka oipa kwambiri, ngati akuvomera kuti mkazi wake anamusandutsa chiweto. Mwala woyamba unamupeza pakhutu. Simoni ndi amene analetsa anyamata, osati chifukwa cha chisoni, koma sankafuna apolisi pamudzi.

"Sitikusudzulani," anatero. "Munthu sasudzulidwa mkazi wake akali pantchito. Nyamukani. Kumanda kwake musadzapondeko. Tsiku limene adzaleke kuyankhula m'mafoni mudzabwere tidzakumeteni."

Lorenso anachoka ndi njinga, jekete ndi foni. Asanafike pamsewu waukulu anaona utsi kumbuyo. Akuchikazi ankawotcha mitengo ya khola, imene anaidula yekha kuphiri n'kuisenza umodziumodzi.

Lero ali ku Bangula. Amagona kuseri kwa shopu ya Maclean, ndipo masiku a msika wa ng'ombe amathandiza kukweza ng'ombe m'malole opita ku Blantyre. Ntchitoyo amaidziwa kuposa onse, koma palibe amamusiyira ngakhale chingwe cha mbuzi kuti agwirire. Amayi a nsomba akamuona amakokera ana awo kumbuyo. Si wokwatira, si wamasiye, ndipo tsitsi lake lakula mpaka kupotana chifukwa akudikirabe kumetedwa.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti kandalama kamene amapeza pamsika kamathera pa bandulo ya intaneti. Lorenso alibe chithunzi cha mkazi wake ngakhale chimodzi. Malo okhawo amene angamuone ndi m'kanema wa mabotolo uja, ndipo ameneyo saitanidwa, amabwera nthawi imene wafuna. Ndiye bambo wamkulu uyu amakhala pamthunzi wa lole n'kumakhwekhwereza chala pagalasi, kudutsa mpira, kudutsa alaliki, kudutsa atsikana ovina, mpaka Flossy atulukire. Pakona pamabwera kachizindikiro kodumphira, iye sakakhudza. Maclean anamuuza kuti nthawi iliyonse akaonera mpaka kumapeto anthu aja amapindula, ndipo makina awo amaona kuti kanemayo akuyenda bwino n'kumutumiza kwa anthu ambiri. Lorenso anamva. Akudziwa kuti akutalikitsa yekha tsiku la lumo. Amadana nawo mano aja, amadana ndi botolo lija, koma amaonera.

Lachiwiri lina masana, ng'ombe zikukwezedwa, foni yake inalira ndi nambala yachilendo. Anaganiza kuti ndi Annette ndipo anatsala pang'ono kuigwetsa. Anali mtsikana wa mawu osalala.

"Ndikuyankhula ndi Bambo Binzi? Ndikuimba kuchokera ku kampani ya mankhwala achilengedwe. Makina athu akuonetsa kuti mwaonera umboni wa mayi aja kambirimbiri. Kodi muli ndi wodwala pakhomo?"

Lorenso anachoka pa lole n'kukaima kuseri kwa mpanda. Kwa miyezi yonseyi anali asanamvepo mawu a munthu wamoyo wa kumbali imeneyo. Anali ndi mawu amene anawakonza kalekale, okhudza manda, okhudza mwana wake, okhudza khutu lake limene silimvanso bwino. Anali atawabwereza pa njinga, pogona, pokweza ng'ombe.

"Mayi amenewo mumawadziwa?" anafunsa.

"Kwambiri, bambo! Ndi kasitomala wathu. Achipatala anali atawataya."

Lorenso anatsegula pakamwa. Mawu okonza aja sanabwere.

"Ali bwanji masiku ano?"

"Ali bwino zedi. Anenepa. Panopa akulima okha munda wawo."

Anagwira mpanda ndi dzanja limodzi. Ankadziwa kuti mtsikanayu akuwerenga papepala, kuti Flossy sanamuonepo, kuti mwina ndi mwana wa munthu wosauka amene akungofuna ntchito. Ankadziwa zonse. Komabe panali patapita chaka chathunthu kuchokera pamene munthu anamuyankhula za mkazi wake popanda kulavula, ndipo misozi inatsika yokha mpaka m'ndevu.

"Halo? Bambo, mulipo?"

"Ndilipo, mama. Mukawaona muwauze kuti asamalime dzuwa likakwera. Mutu umawavuta."

"Ndiwauza ndithu, bambo. Ndiye tikutumizireni mabotolo angati?"